Kuswa mphanje m'nkhalango ya poplar ku Alberta: kodi mitengoyo ingakhale nkhuni?

Funso: Ndine Mmalawi wokhala ku Canada. Ine ndi akazi anga tagula malo a maekala 10 kumadzulo kwa mzinda wa Edmonton, m'chigawo cha Alberta, ndipo pafupifupi malo onsewo ndi nkhalango ya mitengo imene kuno amaitcha poplar. Tikufuna kulambula maekala awiri kuti timangepo nyumba ndi kulima dimba. Munthu wina wa buludoza akuti angathe kukankha mitengo yonse, kuiunjika ndi kuitentha, chifukwa akuti poplar ndi mtengo wachabechabe wosayenera kuuvutikira. Kodi zimenezi n'zoona? Ndiidule nthawi yanji, ndipo kodi nkhuni zake zingafunditse nyumba m'nyengo ya chisanu?

Yankho: Bambo, musalole kuti mitengoyo ikankhidwe ndi kupsera pamulu. Poplar ndi nkhuni zabwino ndithu ngati zawazidwa msanga ndi kuumitsidwa bwino, ngakhale kuti moto wake sukhalitsa ngati wa mtengo wina wolemerapo wa kumeneko wotchedwa birch, ndipo mabanja ambiri akumidzi ya ku Alberta, Saskatchewan ndi Manitoba akhala akuwothera mtengo umenewu kuyambira kalekale chifukwa ndiwo wochuluka kumeneko. Komabe nkhani ya nkhuni ndiyo yosavuta pa zimene mwafunsa. Yovuta ili pansi pa nthaka, chifukwa mtengo wa poplar suthera pa chitsa, ndipo nyengo imene ili yabwino kudula nkhuni ndi nyengo yomweyo imene imapatsa mizu yake mphamvu zoti ikubwezereni nkhalango pamalo amene mwalambula. N'chifukwa chake musanagwetse mtengo ndi umodzi womwe muyenera kugawa malo anu pawiri: gawo limene mukufuna kuti mitengo isameremonso, ndi gawo limene mukufuna kuti lizikupatsani nkhuni chaka ndi chaka. Magawo awiriwa amasamalidwa mosiyana kotheratu.

Choyamba dziwani kuti dzina loti poplar kumeneko limatchula mitengo iwiri. Wochuluka kwambiri ndi trembling aspen, umene akatswiri a zomera amautcha Populus tremuloides, ndipo anthu akumidzi amati white poplar. Uli ndi khungwa losalala lotuwa mobiriwira, limene limasiya kaufa koyera m'manja mukalikhudza, ndipo masamba ake ang'onoang'ono amanjenjemera ngakhale mphepo ili yochepa chifukwa timapesi take n'tophwatalala. Wachiwiri ndi balsam poplar, Populus balsamifera, umene amati black poplar. Umakonda malo otsika a chinyontho, khungwa lake likakhwima limada n'kung'ambika, ndipo mphukira za masamba ake zimamata ndi kununkhira. Pa nkhuni, aspen ndiwo wabwino. Balsam poplar umasunga madzi ambiri, umachedwa kuuma, umasiya phulusa lambiri, ndipo ukayaka usanaume fungo lake silikoma. Mukaona kuti mbali ina ya malo anu yadzaza mtengo wachiwiriwu, chimenecho ndi chizindikiro choti madzi ali pafupi, ndipo musaikepo nyumba kapena thanki la zimbudzi musanayezetse nthaka.

Kwathu tinazolowera kuti mtengo wa mombo kapena bulugamu ukadulidwa umaphukira pa chitsa, kotero kuti woswa mphanje akazula chitsacho kapena akachitentha ndi nthambi zouma, nkhani yatha. Aspen sutero. Mitengo yambirimbiri imene mukuiona itaima payokhapayokha kawirikawiri imachokera ku mizu imodzi yolumikizana, yoyenda chopingasa pafupi ndi pamwamba pa nthaka, ndipo thunthu lililonse lili ngati nthochi imodzi pa phata limene lili ndi ana ambiri oyembekezera mpata. Ku Utah, m'nkhalango ya Fishlake, kuli gulu la aspen lotchedwa Pando limene lili ndi mathunthu pafupifupi 47,000 pa mahekitala 43, onsewo ali chomera chimodzi. Magulu a ku Alberta ndi aang'ono kwambiri poyerekeza ndi limenelo, koma kakhalidwe kake n'komweko. Pamene mtengo uli chiimire, nsonga zake zimatumiza kumizu timadzi totchedwa auxin, timene timaletsa mizuyo kutulutsa mphukira. Mukaugwetsa, chiletsocho chimachoka, dzuwa limatenthetsa nthaka, ndipo m'chilimwe chotsatira mumaona mphukira zimene zingafike zikwi makumi angapo pa hekitala imodzi, zambiri zotalika mita imodzi kapena kupitirira nyengo isanathe.

Kuchuluka ndi mphamvu za mphukirazo zimadalira nthawi imene mwadula. Masamba akayoyoka mu Okutobala, mizu imakhala itasunga chakudya cha chilimwe chonse, choncho mtengo wodulidwa pakati pa Novembala ndi Malichi umasiya mizu yokhuta imene imaphuka mwamphamvu kwambiri. Mtengo wodulidwa mu Juni kapena kumayambiriro a Julayi, masamba atangotambasuka kumene, umasiya mizu imene yawononga chakudya chake pobereka masambawo, ndipo mphukira zake zimakhala zochepa ndi zofooka. Apa ndi pamene zofuna zanu ziwiri zimakanganirana. Nyengo ya chisanu ndiyo yabwino kudula nkhuni, chifukwa nthaka youndana siwonongeka ndi matayala, zipika zoundana zimawazika mosavuta, kulibe udzudzu ndi masamba otchinga maso, ndipo nkhunizo zimapeza chilimwe chonse choti ziume. Koma ndi nyengo yomweyo imene imabweza nkhalango. Kudula mu Juni nakonso kuli ndi vuto lalikulu la malamulo, chifukwa m'dera la Edmonton mbalame zimakhala pa zisa kuyambira cha pakati pa Epulo mpaka kumapeto a Ogasiti, ndipo lamulo la Migratory Birds Convention Act la 1994 limaletsa kuwononga zisa zimene muli mazira kapena anapiye. Malamulo amene anakonzedwanso mu 2022 amatetezanso chaka chonse mphako za gogomole wamkulu wotchedwa pileated woodpecker, amene amakonda kuboola mitengo ikuluikulu ya aspen, ndipo mtengo wa mphako yotere sugwetsedwa mpaka mutadziwitsa boma ndi kudikira miyezi 36 mbalame zisakugwiritsa ntchito. Yendani m'nkhalangomo masamba atayoyoka, muyang'ane mabowo aakulu m'mwamba mwa mathunthu, ndipo mitengo yotere muiike chizindikiro kuti isiyidwe.

Njira imene ndimailangiza pa maekala awiri anuwo imadalira changu chimene muli nacho. Pamalo enieni a nyumba, msewu ndi thanki la zimbudzi, dulani m'nyengo ya chisanu, mutulutse zipika zonse, kenaka nthaka ikasungunuka ndi kuuma muitane makina ofukula, ekisikaveta, kuti azule zitsa ndi mizu ikuluikulu n'kukutumula dothi lake pomwepo. Mizu ikachotsedwa, nthawi yodulira sikhalanso nkhani. Pamalo a dimba ndi bwalo, ngati mungathe kudikira, gwiritsani ntchito njira yosenda khungwa mozungulira thunthu. Kumayambiriro a chilimwe, pamene khungwa limasendeka mosavuta, chotsani lamba wa khungwa wa masentimita 10 mpaka 15 kuzungulira mtengo wonse, koma musatemere mkati mwa mtengowo. Madzi amapitirizabe kukwera kumasamba, pamene chakudya chochokera kumasamba sichitsikanso kumizu, motero mizu imatha mphamvu pang'onopang'ono mtengo uli chiimire. Pakatha chaka chimodzi kapena ziwiri mtengowo umafa, umakhala utayamba kale kuuma, ndipo mukaugwetsa mphukira zimakhala zochepa kwambiri kusiyana ndi mutaudula uli wamoyo. Musausiye nthawi yaitali utafa, chifukwa poplar wakufa umathyoka mosachenjeza, ndipo musasende mitengo imene ingagwere pamene anthu amadutsa.

Ngakhale mutachita zonsezi, mizu ya mitengo imene mwasiya m'malire idzapitiriza kulowa m'bwalo lanu ndi kudyetsa mizu ya mitengo yodulidwa, popeza n'zolumikizana. Chothandiza ndi kukumba ngalande yopapatiza yakuya theka la mita m'malire a malo olambulidwawo kuti mizu iduke, ndipo pambuyo pake kumatchetcha mphukira iliyonse ikangotuluka. Kutchetcha kamodzi pachaka sikuthandiza, kumangochulukitsa mphukira. Muzitchetcha kangapo m'chilimwe chilichonse kwa zaka ziwiri kapena zitatu, kuti mizu izitaya chakudya pophuka koma isapeze masamba oibwezera. Ng'ombe ndi mbuzi zimagwira ntchito yomweyo ngati mnansi wanu ali nazo ndipo mwatchinga mpanda. Pa za mankhwala opha zomera monga glyphosate ndi triclopyr, amene ena amapaka pa chitsa chongodulidwa kumene, ndikuchenjezani mwamphamvu, chifukwa mankhwalawo angathe kuyenda m'mizu yolumikizana ija n'kukapha mitengo ya m'gawo limene mumafuna kusunga.

Ndifotokoze chifukwa chake sindikugwirizana ndi wa buludoza uja, ngakhale kuti njira yake ndi yachangu. Nthaka ya pansi pa nkhalango za aspen kumadzulo ndi kumpoto kwa Edmonton kawirikawiri imakhala yotuwa, ya mtundu wotchedwa Gray Luvisol, ndipo chonde chake chili m'kagawo kochepa ka pamwamba kopangidwa ndi masamba owola. Buludoza ikamakankha mitengo ndi mizu yomwe m'chilimwe, imakokolola kagawo kameneko n'kukaunjika pamulu, ndipo inu mumatsala ndi dongo lolimba limene lidzafuna manyowa a zaka zambiri lisanabereke chilichonse. Milu yosakanikirana ndi dothi siyaka bwino, imafuka kwa milungu yambiri, ndipo moto wake ungathe kubisala pansi pa chipale chofewa nyengo yonse yozizira n'kudzavumbuluka mu Epulo kapena Meyi, pamene udzu wauma ndipo masamba sanaphuke. Iyi ndiyo nyengo yoopsa kwambiri ku Alberta. Moto wa ku Slave Lake mu 2011, wa ku Fort McMurray mu 2016, ndi umene unathawitsa anthu a ku Drayton Valley ndi Edson mu 2023, wonsewo unabuka mu Meyi. Ngati mudzatentha nthambi, muunjike milu yaing'ono yopanda dothi, muitenthe pali chipale chofewa, ndipo chikasungunuka mukafukule phulusa ndi fosholo n'kuligwira ndi dzanja kuti mutsimikize kuti lazizira. Kuyambira pa 1 Malichi mpaka pa 31 Okutobala, kutentha kulikonse kupatula moto waung'ono wophikira kapena wowotha kumafuna chilolezo m'dera limene boma limalitcha Forest Protection Area, ndipo kunja kwa deralo khonsolo iliyonse ili ndi malamulo ake, ena ofuna chilolezo chaka chonse. Palinso makina opera mitengo pomwepo, amene amasiya nthaka yosang'ambika, koma amawononga nkhuni zonse ndipo sakhudza mizu yambiri, kotero mphukira zimabwera monga mwa nthawi zonse. Makinawa ndi oyenera pa zitsamba ndi nthambi mutatulutsa kale zipika.

Musanakumbe paliponse, pemphani bungwe la Utility Safety Partners, limene kale linkatchedwa Alberta One-Call, kuti likuonetseni modutsa mapaipi a gasi ndi mawaya a pansi pa nthaka. Ntchitoyi ndi yaulere, ndipo m'chigawo chodzaza mapaipi ngati chimenecho si chinthu chochinyozera. Ngati pamalopo pali dambo kapena chithaphwi, ngakhale chouma m'chilimwe, lamulo la Water Act sililola kuchikwirira kapena kuchiphwetsa popanda chilolezo. Funsaninso kukhonsolo ngati kulambula kumeneko kukufuna chilolezo cha chitukuko.

Pojambula malire a gawo lolambulidwa, musachotse mitengo yambiri kuposa imene mukufunikira. Mphepo yozizira ya kumeneko imachokera kwambiri kumpoto ndi kumadzulo, ndipo nkhalango yosiyidwa mbali zimenezo imachepetsa kuzizira kwa nyumba ndi kuunjikana kwa chipale chofewa pamsewu. Nkhalango ya aspen ikakhala ndi masamba imachedwetsa moto wolusa kusiyana ndi mitengo ya spruce ndi paini, ndipo malangizo a FireSmart, pulogalamu ya ku Canada yoteteza nyumba ku moto wolusa, amaika mitengo yoyoyola masamba ngati imeneyi m'gulu la yoyenera kukhala pafupi ndi nyumba. Koma musasiye mtengo umodziumodzi wamtali pabwalo poganiza za mthunzi. Mitengo imene inakulira mothithikana ili ndi mathunthu owonda ndi mizu yosazama, imadalirana potchinga mphepo, ndipo ikasiyidwa payokha imathyoka kapena kuzuka m'zaka zochepa. Siyani mitengo m'magulu, ndipo mtunda wochokera panyumba, pa mawaya a magetsi ndi pamalo a zimbudzi kufika pamtengo woyamba ukhale woposa kutalika kwa mtengowo.

Pa kagwetsedwe, poplar umanyenga chifukwa ndi wofewa ndipo chainsaw imalowa ngati palibe kanthu. Mitengo yambiri yopitirira zaka 60 imakhala yowola mkati ndi bowa wotchedwa Phellinus tremulae, amene amaonekera kunja ngati chiboda chakuda chomata pathunthu. Mtengo wokhala ndi chizindikiro chimenechi ungathe kusweka kapena kugwera kumene simunafune, chifukwa kagawo kosadulidwa kamene kamauwongolera pogwa, kamene kamayenera kukhala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a kunenepa kwa thunthu, kamakhala kopanda mphamvu. Nsonga zouma zimathothoka mtengo ukangogwedezeka, ndipo m'nkhalango zimene zinavutika ndi chilala komanso mbozi za forest tent caterpillar mitengo yotere ndi yambiri. Valani chisoti cholimba, zoteteza maso ndi makutu, ndi thalauza loteteza miyendo ku macheka. Lambulani njira yothawira chammbali chakumbuyo musanayambe kudula. Munthu wina aliyense akhale kutali kuwirikiza kawiri kutalika kwa mtengo. Ndipo musagwire ntchitoyi nokha popanda wodziwa kumene muli. Ngati simunagwirepo chainsaw, pitani kumaphunziro a tsiku limodzi kapena awiri musanayambe, ndipo mitengo yopendekeka, yokodwa pa inzake kapena yoyandikira mawaya muisiyire odziwa ntchitoyo.

Tsopano za nkhuni. Mitengo yonse ikauma imatulutsa kutentha kofanana pa kilogalamu, pafupifupi ma kilowatt-hour 4 ngati madzi ali pa 20 peresenti. Kusiyana kuli pa kulemera. Kiyubiki mita imodzi ya aspen wouma imalemera pafupifupi makilogalamu 400, ya birch ndi ya tamarack (mtengo wa kumeneko wa m'banja la paini) pafupifupi 600, pamene ya tsanya wa kwathu imapitirira 1,000. Mukafuna mtengo wa kwathu woyandikira poplar, ganizirani malaina, amene ndi opepuka, amayaka msanga ndipo makala ake sakhalitsa. Ku Canada nkhuni zimayezedwa ndi cord, mulu wosanjidwa bwino wa mafiti 4 m'lifupi, 4 m'mwamba ndi 8 m'litali, umene ndi makiyubiki mita 3.6, kapena kuti mendulo zitatu ndi theka. Cord ya aspen wouma imalemera pafupifupi tani imodzi, ndipo mumafunika cord zinayi za aspen kuti mupeze kutentha kwa cord zitatu za birch. Kwa munthu wogula nkhuni, kusiyana kumeneku n'kofunika, chifukwa amalipira malinga ndi kukula kwa mulu. Kwa inu amene mitengo ili pakhomo ndipo iyenera kugwa ndithu, tanthauzo lake n'loti mudzawaza ndi kunyamula zambiri, mudzafuna shedi yaikulupo, ndipo mudzasonkhezera mbaula kawirikawiri.

Mbiri yoipa ya poplar imachokera pa kaumitsidwe. Mtengo wongodulidwa kumene pafupifupi theka la kulemera kwake ndi madzi, ndipo khungwa lake limatsekera madziwo mkati. Chipika chosawaza chikagona pansi chimayamba kuwola mkati chisanaume, ndipo pakatha chaka chimodzi kapena ziwiri chimakhala chofewa, chopepuka ndi chopanda moto. Anthu ambiri amene amanyoza mtengowu anayesa nkhuni zoterezi, kapena zaziwisi zimene zimangolira ndi kufuka m'mbaula. Dulani zipika za masentimita 40, kapena zofupikirapo malinga ndi mbaula yanu, ndipo muziwaze zonse zonenepa kuposa mkono wa munthu pasanathe milungu yochepa chigwetsereni. Zikhale zowazidwa ndi kusanjidwa pofika Epulo. Sanjani pamapaleti kapena pamitengo yopingasa kuti zisakhudze nthaka, m'mizere imodziimodzi pamalo a dzuwa ndi mphepo, muphimbe pamwamba pokha ndi malata n'kusiya m'mbali motseguka. Musazikulunge ndi tenti mbali zonse, chifukwa chinyezi chimatsekeredwa ndipo nkhungu imayamba. Ndi mpweya wouma wa ku Alberta, aspen wowazidwa mu Malichi kapena Epulo kawirikawiri amakhala atauma pofika Okutobala, pamene balsam poplar ndi zikuni zazikulu n'kwabwino kuzipatsa chilimwe chachiwiri. Gulani kachipangizo koyezera chinyezi cha nkhuni, kamene n'kotsika mtengo. Tengani chikuni, chikhale m'nyumba mpaka chifunde, muchiwaze pakati n'kubaya pamalo ongowazidwawo, ndipo chiwerengero chikhale 20 peresenti kapena kucheperapo. Mulu waukulu ukhale mamita 10 kapena kuposerapo kuchokera panyumba m'nyengo ya moto wolusa.

Popeza maekala awiri adzakupatsani mitengo yambiri nthawi imodzi, konzekerani kuiwaza yonse m'chaka choyamba ngakhale simudzaitha m'nyengo imodzi. Nkhuni za poplar zouma zosungidwa pansi pa denga zimakhala zaka zingapo osawonongeka, koma zipika zounjikidwa panja kuti mudzaziwaze mtsogolo zimatayika. Kubwereka makina owazira kwa masiku angapo ndi ndalama yogwiritsidwa ntchito bwino, ngakhale kuti aspen wowongoka woundana amasweka mosavuta ndi nkhwangwa.

M'mbaula, aspen wouma amagwira moto msanga, amapereka lawi loyera ndi kutentha kwachangu, ndipo sathetheka kwambiri. Ndi nkhuni zabwino zoyatsira m'mawa, za masana pamene muli pakhomo, ndi za miyezi ya Okutobala, Novembala, Malichi ndi Epulo. Pamene amaperewera ndi usiku wa mu Januwale kukazizira kufika madigiri 30 pansi pa ziro, chifukwa makala ake amatha kusanache. Yankho lake si kutseka mpweya wonse kuti moto uzinyeka pang'onopang'ono, chifukwa moto wofuka ndiwo umapaka phula lakuda lotchedwa creosote m'chumuni, ndipo phulalo likagwira moto limatentha nyumba. Phula limeneli limabwera chifukwa cha nkhuni zonyowa ndi moto wosowa mpweya, osati chifukwa cha mtundu wa mtengo. Pa usiku wotere sungani zikuni zikuluzikulu, ndipo mupezeko birch kapena tamarack pang'ono. Boma la Alberta limapereka chilolezo chotchedwa Personal Use Forest Products Permit, chimene chimalola munthu kudula nkhuni zofika makiyubiki mita 5 m'madera osankhidwa a nkhalango za boma. Nkhuni za elm zokha musazitenge kapena kuzisunga, chifukwa n'zoletsedwa m'chigawocho pofuna kupewa matenda a Dutch elm disease.

Popeza nyumbayo simunamange, sankhani mbaula yovomerezeka ndi EPA (bungwe la boma la America loona za chilengedwe) kapena CSA (bungwe la miyezo la ku Canada), yokhala ndi malo aakulu oikamo nkhuni, chifukwa mtengo wopepuka umafuna malo. Iikidwe motsatira muyezo wa CSA B365 ndipo iyenderedwe ndi munthu wa satifiketi ya WETT, imene imaperekedwa kwa ophunzira kuyendera mbaula za nkhuni, chifukwa makampani ambiri a inshulansi amafuna lipoti limenelo asanavomere nyumba yokhala ndi mbaula ya nkhuni. Ikani zochenjeza za utsi ndi za mpweya wakupha wa carbon monoxide pafupi ndi zipinda zogona, sesani chumuni chaka chilichonse ndiponso phula likafika mamilimita atatu, ndipo phulusa, limene poplar amatulutsa lambiri, muziliika m'ndowa yachitsulo yovindikira, panja, kutali ndi khoma ndi khonde lamatabwa.

Kuti mudziwe kuchuluka kwa nkhuni zimene mungafune, gwiritsani ntchito mabilu a gasi a nyumba imene mukukhalamo tsopano, amene amawerengedwa mu magigajoule. Cord ya aspen wouma ili ndi magigajoule pafupifupi 15, koma mbaula yabwino imapereka m'nyumba pafupifupi magawo 7 mwa 10 a kutentha kumeneko, pamene makina amakono a gasi amapereka magawo 9 kapena kuposerapo. Motero cord imodzi imalowa m'malo mwa magigajoule 12 a gasi. Nyumba imene imatha magigajoule 100 pachaka pa kufunditsa pokha ingafune cord zoposa 8, umene ndi mulu waukulu ndiponso ntchito yaikulu. Maganizo anga ndi oti nkhuni zikhale zothandizira, zonyamula gawo lalikulu la kufunditsa masana ndi madzulo ndiponso zokupulumutsani magetsi akazima, koma nyumbayo ikhalenso ndi gasi kapena njira ina yodziyatsa yokha, kuti mapaipi a madzi asaundane mukachokapo masiku angapo.

Maekala 8 otsalawo ndiwo munda wanu wa nkhuni, ndipo kumeneko khalidwe la mizu limene limakuvutitsani pabwalo limakugwirirani ntchito. Nkhalango ya kukula kumeneko singakupatseni cord 8 chaka chilichonse mpaka kalekale, chifukwa mitengo ya ku Alberta imakula m'miyezi yochepa pachaka, koma ingakupatseni cord zingapo popanda kutha. Nkhuni za maekala awiri oyamba zikamatha, yambani ndi mitengo yakufa kumene, yothyoka ndi mphepo ndi ya bowa imene ili pafupi ndi njira, mukusiya ina ikuluikulu ya mphako kutali ndi nyumba chifukwa cha mbalame. Pambuyo pake musamatole mtengo umodzi apa wina apo, chifukwa mphukira za aspen zimafuna dzuwa lathunthu ndipo mumthunzi zimafota, malowo n'kulandidwa ndi zitsamba. Dulani kachigawo kathunthu nthawi imodzi, kotambalala kuposa kutalika kwa mitengo yozungulira, ndipo muchite zimenezi pakati pa Novembala ndi Malichi nthaka itaundana, kuti mizu isaphwanyidwe ndi matayala ndiponso iphuke ndi mphamvu zake zonse. Mphukirazo zidzathithikana kwambiri m'zaka zoyamba, koma zimadzipatulira zokha pamene zofooka zikufa, choncho simufunika kuzipatulira. Chimene muyenera kuyang'anira ndi agwape ndi moose (nyama yaikulu ya mtundu wa gwape), amene angadye nsonga zonse ngati kachigawoko n'kakang'ono kwambiri, komanso ziweto, zimene zisalowemo mpaka mitengo yatsopanoyo itatalika kupitirira pamene pakamwa pawo pangafike.